Botolo Limene Linatontholetsa Bambo Anga

Bambo anga awaimitsa kuitanira swala pa mzikiti wa m'dera lathu, ndipo chifukwa chake ndi botolo la ufa ndi madzi limene ndimasunga pansi pa tebulo m'chipinda mwanga.

Akhala akuchita adhana, kuitana anthu ku mapemphero, pa mzikiti umenewo kuyambira ndisanabadwe. Alibe bwato, alibe golosale. Chimene anthu a kuseri kwa msika wa pa boma la Mangochi amawadziwira ndi mawu awo, amene m'bandakucha amamveka mpaka kutsidya kwa Shire. Tsopano akuitana ndi munthu wina.

Nkhaniyi inayamba ndi kutha kwa ntchito yanga. Ndinali mtolankhani, ndinkatumiza nkhani za kuno ku nyuzipepala ina ya ku Blantyre. Atachepetsa antchito ndinabwerera m'nyumba ya bambo. Kenako ndinamva kuti loji ina ya cha ku Nkopola ikuphunzitsa amayi kuphika buledi amene alendo amakonda, ndipo opambana azidzaperekera buledi kukhitchini ya lojiyo. Ndinalembetsa. M'mawa ndinkakwera kabaza mpaka pa depoti, kenako minibasi.

Mphunzitsi wathu ndi bambo wa ku Monkey Bay, Mkhristu, amene anagwirapo ntchito yophika buledi ku Joni. Buledi wake si wofewa uja wa m'sitolo. Ndi wozungulira, wa khungu lolimba, wa mabowo m'kati, wowawasira pang'ono. Muli ufa wa tirigu, madzi ndi mchere basi. Yisiti wa m'paketi saloledwa. Chotupitsa umapanga wekha: umasakaniza ufa ndi madzi m'botolo, n'kumawonjezera zatsopano tsiku ndi tsiku mpaka ziyambe kuchita thovu.

"Ichi ndi chiweto," anatero mphunzitsiyo akutigawira mabotolo. "Mukachimana chakudya chidzakulilirani."

Tinaseka. Tinaphunzira kuti ufa umenewu sukandidwa ngati wa mandasi. Umanyowetsa manja, kukoka, kupinda, kusiya upume, kukokanso. Ukatupa umaucheka pamwamba ndi lezala, n'kuuika mu mphika wachitsulo wovundikira. Buledi akapsa umagogoda kunsi kwake, azilira ngati ng'oma. Wanga woyamba sanalire. Mayi wina wa m'kalasimo anamunyamula ndi manja awiri.

"Asisi, uyu mukawapatse asodzi, akhale nangula."

Patapita milungu ndinayamba kukhoza. Kunyumba ndinkaphika pa mbaula, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, monga timachitira chigumu.

Chinthu chimodzi sitinachilingalire, ine ngakhale mphunzitsi. Kuloji mabotolo amakhala m'firiji. Kwathu kulibe firiji, ndipo unali mwezi wa Okutobala, pamene malata amatentha ngati chiwaya. Amalume anga anamwalira ku Malindi, tonse tinapita kumaliro, ndipo tinakhalako masiku angapo. Botolo linatsala lokha, lotseka, losadyetsedwa.

Tinabwerera limodzi ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo. Madzulo ake amayi oyandikana nafe anabwera kudzapepesa. Azakhali analowa m'chipinda mwanga kukafuna shuga wa tiyi, ndipo anatsekula botolo lija. Chivundikiro chinaphulika. Pamwamba pa ufa panali patayandama madzi otuwa, fungo lake la masese enieni. Anatuluka nalo pakhonde atalitalikitsa ndi mphuno.

"Achimwene, mwana wanuyu wayamba liti kufulula?"

"Azakhali, ndi za buledi zimenezo," ndinatero.

"Buledi wa kuti wonunkha chonchi? Ine si mwana."

Botolo linayenda m'manja mwa amayi onse. Aliyense ananunkhiza, aliyense anapotoza nkhope.

"Kulojiko akukuphunzitsani zimenezi?" anatero mmodzi. "Ife timati makeke."

Mawa lake msika wonse unkadziwa kuti m'nyumba ya woitanira swala mwapezeka mowa. Ogulitsa usipa ena anali atawonjezera kale kuti unali mgolo wathunthu. Ndagwirapo ntchito ya nkhani, ndikudziwa mmene zimakulira, koma sindinakhalepo m'kati mwake.

Ashehe anatiitana pakhonde la mzikiti. Panali iwo, akuluakulu a komiti, bambo ndi ine. Ashehe ndi munthu wofatsa, anandiphunzitsa ku madrasa ndili mwana. Anandifunsa funso limodzi.

"Mama, m'botolomu muli mowa kapena mulibe?"

Bambo anayang'ana pansi. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti ashehe anali atanditsekulira khomo. Ndikanati mulibe, ndi ufa wosasa chabe, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali nditafunsa mphunzitsi, nditawerenganso, ndipo ku nyuzipepala anandizoloweza kuyankha chimene chilipo.

Ndinati ulimo, wochepa. Ndinafotokoza kuti mu ufa muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timadya ufawo n'kutulutsa mpweya wotupitsa buledi pamodzi ndi kamowa pang'ono. Tikakhala ndi njala kamowako kamadikha pamwamba, timakataya. Kotsalako kamauluka ndi moto, ndipo palibe angaledzere ndi buledi ngakhale atadya dengu lonse. Ndinawonjezera kuti buledi wa m'sitolo ndi mandasi a yisiti amatupa m'njira yomweyo.

Mawu omalizawa ndi amene anawononga. Mmodzi wa akuluakuluwo ali ndi golosale, ndipo akazi awo amakazinga mandasi. Anaimirira.

"Ndiye ukuti chiyani? Tonsefe pa Ramadhani timamasula kusala kwathu ndi mowa?"

"Sindinatero, bambo."

"Watero! Tonse tamva. Sukulu zinazi."

Ashehe anawakhazika pansi. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ndipo zimene ananena sizinali zopusa. Anati thobwa la lero timamwa, palibe amatsutsa. Likagona n'kuyamba kuluma lilime timataya. "Koma iwe, mama, chako ukuchisunga dala, ukuchidyetsa kuti chisafe. Pamenepo ndi pamene ine sindikudziwa."

Anagwirizana kuti afunse mwalimu wina amene anaphunzira zachipembedzo kunja. Podikira yankho, bambo apume kaye. Anabwereza kuti si chilango, koma munthu woitana anzake ku swala asamachokere m'nyumba imene anthu akuikayikira. Bambo anavomera ndi mutu. Pobwerera ananditsogolera patali.

Nditamuuza mphunzitsi anayamba waseka, kenako anasiya ataona nkhope yanga. Anati kumene ankagwira ntchito Asilamu ankagula buledi ameneyu tsiku lililonse.

"Ndiye tiyeni mukawauze zimenezo," ndinatero.

"Ine wa kutchalitchi ndikaweruze za mumzikiti? Chemwali, ndikangothira palafini pamoto."

Ankanena zoona. Anati ndingathe kusunga botolo m'firiji ya kuloji. Koma mayeso athu ndi oti aliyense abweretse buledi wophika kwawo, ndi chotupitsa chake, poti ndi mmene tizidzagwirira ntchito. Ndiponso nkhani inali itapitirira kale pa funso la komwe botolo likugona.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza bambo akusoka nsapato yawo pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada pambali.

"Baba, botolo lija ndikukalitaya mu Shire. Sukuluyo ndisiya."

Sanakweze mutu.

"Ukataya lero, anthu ati unalidi mowa, ndipo ine ndinkadziwa."

"Nanga ndichite chiyani?"

"Uzichidyetsa chinthu chakocho. Unawauza zoona, si choncho?"

"Eya."

"Basi. Ukanangosiya za mandasi a eni ake."

Ndi mawu okhawo odzudzula amene andiuza. Ndikanakonda akanakalipa. Amadzukabe nthawi yawo yakale, ndimawamva akutsuka kukhosi monga ankachitira asanapite kukaitana. Amasamba, kuvala mkanjo, n'kukhala pampando kudikira. Mawu a munthu wina akamveka pa chimkuzamawu, iwo amatuluka kukaima pamzere ngati wina aliyense. Woitana watsopanoyo amathamangitsa mawu.

Buledi ndikuphikabe, ndipo akutuluka bwino kuposa kale. Khungu limang'aluka pomwe ndacheka, mabowo ali m'malo mwake. M'nyumba muno palibe amadya. Azakhali anapatula mbale ndi mpeni zimene ndimagwiritsa ntchito, anaziika pazokha pawindo. Ana a oyandikana nafe, amene ankabwera kudzapempha nyenyeswa, anawaletsa. Ndinayesa kuwapatsa bambo kachidutswa ndi tiyi. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira mbale kwa ine mwaulemu.

"Ndidikire kaye yankho la mwalimu, mama."

Dzulo ashehe anatumiza uthenga. Mwalimu uja afika Lachisanu, ndipo nkhani ikambidwa ikatha swala ya masana. Ndipite ndi buledi mmodzi ndi botolo. Komiti yaumirira kuti botololo likhale mmene azakhali analipezera, osati lodyetsedwa bwino lonunkhira ngati chambiko. Ndiye kuti ndiyenera kulimana chakudya kuyambira lero, m'kutentha kuno, kuti madzi otuwa aja abwerere pamwamba, ndikawaonetse ndi manja anga.

Mwalimu akati n'zololedwa, bambo adzaitanira swala ya m'bandakucha Loweruka. Akati n'zoletsedwa, ndidzataya botolo pamaso pawo n'kusiya sukulu, ndipo komiti idzakhalanso pansi kuti ione ngati bambo angabwerere pa ntchito yawo kapena ayi.