Maloko Asanu a Msomali

Mlongo wanga wamng'ono anabadwa pa 9 Juni 1961 m'chipinda chakumapeto cha nyumba ya makolo athu, ndipo sanakhalepo kwina. Timamutchula Msomali chifukwa ndi woonda, komanso pamene wakhomedwa sasuntha. Ukalipentala anaphunzira kwa bambo. Enafe tinapita kumabanja athu. Iye anatsala, akupala matabwa pakhonde ndi kutembenuza mayi pabedi zaka zisanu ndi chimodzi zimene anadwala.

Mayi anatisiya pa 2 Malichi 2016, osasiya pepala lililonse lonena za nyumba. Pa 20 mwezi womwewo achimwene athu aakulu, amene anapuma ntchito yoyang'anira akaidi, anafika ndi akazi awo ndi masutikesi anayi. Anati adzakhala masiku ochepa.

"Mphwanga," anatero itatha sabata, "akuba achuluka. Chipinda cha mayi chikufunika loko. Nanga tikaitane mmisiri wina iwe ulipo? Anthu atiseka."

Msomali anakhoma lokoyo. Anaiyesa katatu, anadonthezamo mafuta, n'kupereka makiyi onse awiri. Achimwene anawakoleka pamphete yachitsulo ya palamba wawo.

Pa 11 Meyi anakhoma ina pachipinda chosungiramo katundu. Pa 30 Julayi, pakhitchini. Pa 5 Okutobala, pabalaza. Makiyi onse ankapita palamba paja.

Nditapitako pa 8 Okutobala ndinamupeza akudyera pabenchi yake yopalira, mbale ili pakati pa utuchi.

"Iwe, mutu ukuyenda bwino? Ukudzitsekera wekha kunja!"

"Ndiye mukuti ndizikhoma zopotoka, achemwali? Ine sindikhoma zopotoka."

"Usamakhome n'komwe."

"Kuti abwere wina adzang'ambe mafelemu a bambo? Mwawaona amisiri a masiku ano? Chitseko amachimenya ngati chawatukwanira amawo."

Alamu athu anadutsa ndi tsache, atagwira mphuno. "Alamu, utuchi wanuwu watikwana. Kapena ndinu chiswe, tikuitanireni opopera?" Anaseka okha mpaka kukalowa.

Achimwene ndinawapeza pabalaza, pampando wa bambo. Ndinawakumbutsa kuti nyumbayo ndi yathu tonse atatu, ndipo amene anaikonza denga ndi kudwazika mayi ndi Msomali.

"Ndakana ine, mlongo wanga? Ndikungosunga. Ndasunga anthu zaka makumi atatu, wosathawa ngakhale mmodzi. Nyumba ingandivute?"

Ananena akumwetulira, chala chikusewera ndi makiyi.

Pa 17 Januwale chaka chino Msomali anandiimbira foni, zimene sachitachita. Anati achimwene agula loko yachisanu, ya chipinda chake chakumapeto chija. Akuti wayamba kuiwalaiwala, angasiye chitseko chosatseka zida zake n'kubedwa.

"Ikhomedwa mbali iti?" ndinafunsa.

"Kunja."

"Nanga makiyi asunga ndani?"

Ndinkangomva kupuma kwake.

"Longedza zida zako ubwere kwathu. Chipinda chilipo."

"Ndikatuluka pageti ngakhale kukagula misomali, achemwali, ndidzapeza atatseka. Chiyambire Disembala sindinapite kulikonse. Ndimachita kutuma."

"Ndiye ukane."

"Ndikakana akuti aitana wina Lachisanu."

Ndinakwera basi yoyamba pa 19, Lachinayi. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ena a m'malamulo, ena a mayi. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Benchi ya pakhonde inali itasesedwa, popanda chida chilichonse.

Ndinawapeza kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba. Msomali anali atagwada, pensulo ili kukhutu, akumanga chitsulo chomaliza. Ndinamuitana, koma sanacheuke. Anakankha chitseko pang'onopang'ono, chinatsekeka popanda kulira. Anapotokola kiyi, anatsegula, anapotokolanso.

"Yakhala bwino," anatero ndi mawu otsika.

Achimwene anali ataima kumbuyo kwake, atatambasula kale dzanja.