Ndinavomera Nyumba Zitatu

Chaka chimene ndinagwa pachitsime n'kuthyoka fupa la m'chiuno, mdzukulu wanga anasiya sukulu ku Maputo kudzanditungira madzi. Mayi ake, mwana wanga woyamba, anamwalira iye akadali kumsana, ndiye ndinamulera ndine. Timaitanana "mkazi mnzanga", mwa nthabwala za agogo ndi adzukulu. Anati akhala milungu iwiri yokha, mpaka ana anga atagwirizana kumene ndikakhale. Milungu iwiriyo inaswana n'kukhala miyezi inayi.

Ana anditsalira atatu. Wamkulu ndi mmisiri wa matabwa ku Cuamba. Wamkazi anakwatiwa ku Liwonde nthawi imene tinathawa nkhondo, ife pobwerera iye anatsala. Chitsirizira amagula nsomba ku Amaramba.

Mtsikanayo, mdzukulu wanga uja, anali atamaliza kale univesidade, koma anabwereranso kukaphunzira zapamwamba zimene amati mesitiradu. Akandisambitsa n'kundikhazika pakhonde, ankanyamula kompyuta yake kukwera pachulu kuseri kwa khola, pokhapo pamene mafoni amagwira. Asanakhazikike n'komwe, ine ndaitana kale kuti ndikufuna kutaya madzi. Ankatsika osadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkandidya.

Tsiku lina tikusenda nandolo ndinamufunsa, "Mkazi mnzanga, kodi chimene ukupsera ndi dzuwa pachulupo n'chiyani? Kapena muli mwamuna m'kabokosimo?"

"Akanakhalamo ndikanakubisirani, mungandilande," anatero. Kenako anayala nyemba zisanu pamphasa. "Awa ndi makompyuta, anganga. Wina ali ku Maputo, wina ku Nampula, ena kutsidya kwa nyanja. Sawonana, amangotumizirana mauthenga, koma onse ayenera kusunga nkhani imodzi. Ine ndikuphunzira mmene angagwirizanire ngakhale uthenga utachedwa kapena kutayika panjira."

"Nanga mmodzi akafa?"

"Wakufa savuta. Amangokhala chete, anzake n'kupitiriza. Woopsa ndi wamoyo amene amauza uyu china, uyo china."

Ndinaseka nawo, koma nyemba za m'manja mwanga ndinaziponya molakwika, m'makoko.

Mwezi wachinayi aporofesoro ake anatumiza mawu: akapanda kufika mwezi usanathe, malo ake apatsidwa wina. Zimene analemba zinayenera kuyesedwa pa makina a kusukuluko, osati pachulu. Sanandiuze, ndinamumva akuyankha pafoni, "Ndamva, ndiyesetsa," ndi mawu a munthu amene wamira mpaka m'khosi. Madzulo ake anaimbira abale a mayi ake mmodzimmodzi, ali kuseri. Pobwera anagwada patsogolo panga, chinthu chimene sankachita.

"Anganga, amalume a ku Cuamba akuti munavomera kukakhala kwawo, koma anamva kuti mwasankha ku Liwonde, ndiye anakhumudwa n'kusiya. Amayi aang'ono a ku Liwonde akuti munavomera kwawo, koma anamva za ku Amaramba. A ku Amaramba anaumba njerwa za chipinda chanu. Kodi inu munavomera angati?"

"Onse," ndinatero.

"Onse!"

"Nanga ndikanatani? Mwana akakuitanira kunyumba kwake sukana. Ukakana, mkazi wake amati apongozi amanyansidwa ndi chakudya changa. Mwana wa m'nyumbamo akadzadwala, adzati ndi mawu aja a agogo. Aliyense ndinamuuza kuti ndamva mwanangu, ndibwera."

"Ndiye mumati zitha bwanji?"

Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuti zithe. Pokhala ana atatu akukokana, palibe akanandichotsa pakhomo panga, pamene ndinalambula ndi manja anga titabwerera kuchokera ku Malawi, n'kupeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Koma amene ankalipira kukhala kwangako anali mwana amene anagwada apayu. Ndinamumanga mwendo ndi chingwe chomwe ndinadzimangira ine.

"Miyezi yonseyi ndikulemba za kompyuta yabodza," anatero, akuseka misozi ili m'maso, "osadziwa kuti ndikuisambitsa mmawa uliwonse."

"Usanditukwane, mkazi mnzanga."

"Sindikutukwana. Mawa ndiwaika onse atatu pafoni imodzi, azimvana. Munene kamodzi, onse amve limodzi. Sindikusankhirani."

Mawa lake anandibereka kumsana kukwera nane pachulu, ine nkhalamba, miyendo ikulendewera ngati ya mbuzi yopita kumsika. Anandikhazika pampando n'kuika foni pamwendo panga. Ndinamva mawu a ana anga atatu pamodzi, koyamba chiikireni bambo awo. Anayamba kukangana za amene anaimba poyamba. Foni inaduka kawiri. Ulendo wachitatu mtsikana anati, "Khalani chete nonse, anganga alankhule."

Ndinayang'ana khola, munda wa chinangwa, njira ya kuchitsime. Ndikanatha kunenanso kuti ndamva ana anga, tiona. Lilime linali litayamba kale kupita komweko. Koma ndinaona mapazi a mtsikanayo atang'ambika ndi fumbi lathu.

"Ndipita ku Cuamba," ndinatero. "Kuli chipatala pafupi."

Wa ku Liwonde anati, "Amayi, mwana wamkazi ndine. Adzakusambitsani mlamu?" N'kudula. Wa ku Amaramba anangoti, "Njerwa ndimangira nkhuku."

Patapita masiku atatu wamkulu anabwera ndi galimoto ya mnzake. Mdzukulu wanga tinamusiya pokwerera, akuthamangira ulendo wake wa ku Maputo, ndipo anakafika mwezi usanathe.

Tsopano ndimakhala kuseri kwa nyumba ya mwana wanga, m'kati mwa mpanda wa njerwa wotalika kuposa munthu. Mpongozi wanga ndi wabwino, amandisambitsa ndi madzi ofunda. Akamapita kumsika amakhoma geti kunja, kuopa akuba. Munda wanga akulima ana a msuweni wanga, ndipo ndamva kuti azula chinangwa n'kubzala fodya. Wa ku Liwonde sanaimbebe. Mtsikana amaimba Lamlungu lililonse, akuti makina ake ayamba kumvana, mayeso aakulu ali pafupi. Amandifunsa ngati ndikukhala bwino, ndipo ndimamuuza kuti eya, aphunzire.