Malovu a Mphutsi

Achemwali anga anathera unyamata wawo wonse akuweta mphutsi. Anaphunzira sayansi mpaka kutchedwa dokotala, koma ukalowa mu labu mwawo umalandiridwa ndi fungo lobweza munthu pakhomo. Kumapeto kwa khonde kunali kachipinda kopanda mawindo komwe ankasungiramo ntchentche zobiriwira zija zokonda nyama yowola. Ankazidyetsa chiwindi chovunda. Mazira akaswa, mphutsi zinkangoti piringupiringu m'mabotolo.

Ine ndinapitako kamodzi kukapereka makiyi a nyumba. Ndinasanza m'sinki.

"Utsuke wekha," anatero achemwali, osatembenuka n'komwe.

Chimene ankafuna kwa mphutsizo ndi malovu ake. Mphutsi ikakhala pa chilonda imatulutsa timadzi tosungunula mnofu wakufa, wamoyo n'kuusiya. Bambo athu anadulidwa mwendo chifukwa cha chilonda cha shuga chomwe chinakana kupola, ndipo ankawatsuka ndi achemwaliwo ali mtsikana. Koma ndani angalole kumuthira mphutsi pamwendo? Choncho anasakasaka mpaka anapeza jini, kachidutswa ka malangizo kouza thupi la mphutsi kupanga puloteni yosungunulayo. Anakadula n'kukalowetsa mu yisiti, yemwe uja wofufumitsira buledi, kuti yisitiyo azitulutsa puloteniyo m'madzi omwe akukuliramo.

Pakamwa n'zophweka. Yisiti ankakana. Pena ankapanga puloteniyo n'kuiumira m'kati, osaitulutsa. Pena botolo lonse linkasasa, thovu lake kununkha ngati masokosi ogonera m'nsapato. Imvi zinawamera ali pa ntchito yomweyo. Kunyumba alamu anga, amuna awo, ankawauza kuti azifikira kubafa asanakhale pa sofa. Apongozi awo atamva zoti mkazi wa mwana wawo amagwira majini, sanafunse kuti majini ake ati. Anangosiya kudya chilichonse chophikidwa ndi iwo. Ife abale tinkawatcha Anamphutsi, iwo n'kumavomera.

Apulofesa, mkulu wa dipatimenti yawo, ankadutsa pakhomo la labuyo atatseka mphuno ndi kampango. Koma yisiti atagonja n'kuyamba kutulutsa puloteni yoyera bwino, anali oyamba kulowa, kampango kali m'thumba. Posakhalitsa anabwera ndi anthu a masuti ochokera ku kampani ina. Achemwali anakondwa, poganiza kuti mankhwala a zilonda ayandikira. Anali asanamvetse kuti zonse zimene anapeza zinali za yunivesite, osati zawo, komanso kuti kampaniyo inali yopanga zodzoladzola.

Anandipempha kuti ndiwaperekeze ku hotela komwe kampaniyo inkaonetsa katundu watsopanoyo. Pa tebulo anandandalika timabotolo tapinki tonunkhira maluwa: mafuta osalalitsa nkhope, opangidwa ndi puloteni ija. Pakhoma panali chithunzi cha mtsikana yemwe khungu lake silinaonepo ndi chiphuphu chomwe. Apulofesa anawakokera achemwali pambali, nyama ili m'kamwa, mafuta akuyenderera pachibwano.

"Adokotala, chonde, mawu oti mphutsi asamveke muno. Tizingoti n'zachilengedwe."

"Nanga odwala zilonda?" anafunsa achemwali.

"Zimenezo zimatenga zaka kuyesa. Tidzaziona mtsogolo."

Anawasisita paphewa ndi dzanja lamafuta lomwelo, n'kubwerera ku mbale yawo. Achemwali anayang'ana banga pa bulauzi yawo, milomo itapindika. Kenako mayi wina wa kampaniyo anawagwira dzanja, n'kuwapaka mafuta aja kuseri kwa chikhatho, akuti aone kufewa kwake. Achemwali analowa kuchimbudzi. Nditawatsatira ndinawapeza akukwecha dzanjalo ndi sopo mpaka kufiira.

"Tiye tizipita," anatero. "Muno mukununkha."

Ku yunivesite kuja anasiya chaka chomwecho. Jini yomwe anaipeza okha saloledwanso kuigwiritsa ntchito popanda chilolezo cha kampani, ndipo mankhwala a zilonda sanayesedwe mpaka lero. Mafuta aja ali m'mashopu. Mnzanga wa kuntchito amadzola, amati ndi abwino.

Pano achemwali akuphunzitsa anamwino pa koleji ina yaing'ono. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa laibulale, ndipo ayamba kufufuza malovu a misundu, tinyama toyamwa magazi tija. Akuti ulendo uno wa suti sadzapondamo. Apulofesa analandira mendulo ya ulemu n'kupuma pa ntchito. Wina akangowatchula tili pa tebulo, achemwali amaika supuni pansi n'kukankha mbale.