Mmero wa Noelene ndi Emu Wamisala

Mwa akazi onse amene ndayenda nawo m'zionetsero zaulimi za ku Queensland, ku Australia, palibe amene ankakuwa ngati Noelene Tuckwell. Ine ndinkagulitsa masoseji obaya pakamtengo pafupi ndi makina a banja lawo, amene anthu ankalipira kuti akwere, kuyambira kutauni ya Roma mpaka ku Longreach, ndiye khutu langa lakumanzere ndi mboni. Mpaka lero silimva bwino.

Kukuwako inali ntchito yake. Ife anthu a zionetsero timadziwa kuti makina opanda munthu saitana munthu. Anthu amangoima patali, manja m'matumba, aliyense kudikira kuti wina ayambe. Choncho banja lililonse limakhala ndi wake wokwera koyamba n'kumakuwa ngati akuphedwa, kuti anthu akhamukire. Ena ankatuma ana awo. A Merv Tuckwell anangokwatira Noelene.

Makina awo ankatchedwa Emu Wamisala, potengera chimbalame chachikulu chosauluka cha m'dzikomo. Anawapanga ndi bambo awo a Merv, kuchokera ku injini yometera nkhosa ndi zitsulo za mpope wamphepo umene unagwa. Panali mbalame zisanu ndi imodzi zamalata, iliyonse kunsonga kwa mkono wautali wachitsulo. Munthu umakhala pamsana pa mbalameyo, n'kumazungulira ukukwera m'mwamba, kenako mbalame n'kugwetsa mutu ngati ikujompha chakudya. Kunena zoona, liwiro lake linali la nkhosa yokhuta. Koma Noelene akangotsegula pakamwa, agalu ankalowa pansi pa magalimoto, ng'ombe zampikisano n'kudula zingwe, ndipo mzere wa okwera unkakafika kwa amayi ogulitsa makeke.

A Merv sankaona choncho. Iwo ankaima pachogwirira choyendetsera makinawo, chipewa pamphuno, akusisita injini. "Mwawaona anthuwa? Injini ya bambo anga imeneyo!" Noelene ankangotsika, kumwa tiyi wauchi, n'kukasenda mbatata. Ine zinkandipsetsa mtima kwabasi, koma banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule.

Kenako kunabwera makina atsopano ozondotsa anthu, ana anasiya kuyang'ana Emu, mawondo a Merv nawo anatha. Emu anakagona kuseri kwa nyumba ya mwana wawo Sharon ku Toowoomba, udzu n'kumera pakati pa miyendo. Sharon atagulitsa nyumbayo, panatsala njira ziwiri: ogula zitsulo zakutha, kapena gulu lina la anthu okonda makina akale, limene lili ndi chishedi chosungiramo zinthu zotere. A Merv anasiya kudya. Ankati Emu akapita kokaphwanyidwa, iwonso awanyamulire komweko.

A gululo ndi madoda aimvi, ovala makabudula ndi masokosi aatali, amene amatha kukangana tsiku lonse za penti wa kavalo wamatabwa. Mkulu wawo, a Lindsay Petrakis, dokotala wa mano wopuma pantchito, anakwerapo Emu ali mwana ku Charleville, ndipo ankauza aliyense kuti chiyambire sanaonenso choopsa chotero. M'shedimo munatsala malo a makina amodzi okha, ndiye anati abwera adzayese kaye.

Tsikulo ine ndinapita ndi chiwaya changa, poti madoda otere amadya. A Merv anali atathira mafuta paliponse. Madoda anakwera, injini inatsokomola, Emu ananyamuka. Anazungulira, anajompha, anazunguliranso. Kunali zii, kumangomveka kulira kwa zitsulo ndi masoseji anga. Mmodzi anafika poyasamula.

"A Merv, mwachepetsa liwiro eti?" anafunsa a Petrakis atatsika.

"Liwiro lake ndi lomweli kuyambira kale!"

"Ayi bwana, si ameneyu. Emu amene ndinakwera ine anandinyowetsa kabudula. Uyu akungotinyamula ngati tikupita kutchalitchi."

Wina anati mwina uyu ndi wongotengera, weniweni anapsa kalekale. Madoda aja anayamba kulongedza makamera awo.

A Merv anatembenukira kwa mkazi wawo, amene anali pampando wopinda akuluka juzi.

"Mayi a Sharon, tangokwerani kamodzi."

"Ndikwererenji? Si paja injini ya bambo anu ndi imene imaitana anthu?"

"Chonde, amayi. Akamuphwanyatu."

"Mmero wanga unapuma pantchito. Kwerani inu, bambo a Sharon. Chogwirirachi ndimachidziwa."

Apa mpamene ndinatulukira chinthu chimene ndinakhala ndikuchiona moyo wanga wonse osachizindikira. A Merv anali asanakwerepo Emu. Ngakhale makwerero oikira mababu ankakwera ndi Noelene, iwo atagwirira pansi n'kumalangiza. Nkhope yawo inayera ngati ufa. Anayang'ana Emu, anayang'ana madoda aja akupita ku magalimoto, kenako anandipatsa chipewa chawo ngati munthu wotsanzika.

"Adokotala!" anaitana Noelene. "Tabwererani ndi anzanuwo, muyesenso. Mwiniwake akukwera nanu."

Anabwerera monyinyirika. Noelene anaika zoluka zake pansi, anapukuta manja, n'kukankha chogwirira.

Pokwera m'mwamba a Merv anangotseka maso, atakumbatira khosi lamalata. Koma mbalame itagwetsa mutu koyamba, kunatuluka mawu amene sindinkadziwa kuti amakhala m'thupi la mwamuna.

"Mayoooo! Noelene iwe! Imitsa! Ndikufa ine! Ndalapa!"

Zinkhwe zonse zinabalalika m'mitengo. Agalu a m'makomo oyandikana anayankha. A Petrakis, amene anali pa mbalame yakumbuyo, atamva mwiniwake wa makina akulira chonchi anaganiza kuti pali chimene akudziwa, nawonso anayamba kukuwa. Mantha sachedwa kupatsirana. Posakhalitsa madoda onse ankaitana amayi awo amene anamwalira kalekale, magalasi akuuluka, nsapato imodzi n'kukagwera m'chiwaya changa.

"Noelene, akwana," ndinatero ine.

"Sanakwane. Tandipatse soseji, Glenys."

Anaidya yonse modekha, ananyambita zala, ndiyeno n'kuimitsa.

A Petrakis anatsika misozi ili mbwembwembwe, akuseka ngati kamwana. "Ndi yemweyu! Emu wanga yemwe uja! Malo aja ndi ake, mawa lomwe tibwera ndi lole. Koma amayi, mwakonza chiyani?"

"Panali pena pake pamene panali pasanalowe mafuta," anatero Noelene.

A Merv anali atakhala pa udzu, atagwira nthaka ndi manja awiri ngati ithawa. Noelene anatsegula fulasiki, anawathirira tiyi wauchi uja, n'kukhala pambali pawo. A Merv anamwa pang'ono. Mawu anali atatha, kunkangotuluka mphepo.

"Zaka zonsezi mumakhala pamwamba paja?"

"Mmawa, masana ndi madzulo. Ndi mimba ya Sharon yomwe."

"Komabe inu munkangonamizira kukuwako, eti?"

"Anakuuzani ndani kuti ndinkanamizira? Ndinkadziwa kuti omanga mabawuti ndi inu."

A Merv anagwira kapu ndi manja onse. Kenako anati, motsitsa kwambiri, "Zikomo, mayi a Sharon."

Ine mawu amenewo ndinali nditawadikira kuyambira ku Roma, ndipo ndinawamva ndi khutu langa lakufa lomweli. Ndinaima pamenepo ndikulira ngati chitsiru, masoseji onse n'kupserera.