Chimene Chinagubuduka M'bokosi la Amalume

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona pampando. Pabalaza pa nyumba ya amalume ku South Bend, ku Amereka, azimayi anali atagona mothithikana pakapeti, mawu atasasa ndi nyimbo za maliro. Kunja sinowo, madzi oundana ogwa ngati ufa, inali mbee. Azibambo anachezera m'galaja atazungulira mbaula yowotchera nyama, poti kuno moto susonkhedwa pabwalo mwachisawawa.

M'galaja momwemo ndimo munali mipira ya amalume. Anabwera kuno kudzaphunzira, sukulu inawakanika, ndiye moyo wawo wonse anagwira ntchito pamalo osewerera bowling, masewera ogubuduza chimpira cholemera kuti chigwetse timitengo. Iwo ankaboola mabowo olowetsamo zala m'mipirayo. Pashelefu anandandalika mipira motsatira nthawi imene inapangidwa: wamtengo wakalekale wong'aluka, warabala, wapulasitiki, mpaka yamakono yonyezimira imene imakhota yokha. Wakuda warabala ndi umene anaphunzirira, ndipo ali m'chipatala anauza anti, akazi awo, kuti adzapite nawo kumanda.

Kutacha kunafika a bungwe la anthu akwathu okhala mumzinda wa Indianapolis, galimoto zili mndandanda. Anthu oti amalume akudwala sanaimbeko ngakhale foni! Analowa ndi makhoti awo aatali ndi kamera, poti vidiyo ya maliro inayenera kupita kumudzi. Tcheyamani wawo atangoona shelefu ija anaiphimba ndi chitenje ngati munthu wobisa mbale zosatsuka.

Nkhani yake n'njakuti kumudzi anamva kalekale zoti amalume "amaboola", basi n'kumati ndi injiniya wa mijigo ku Amereka. Bodza limeneli tcheyamani ankalikonda kuposa malemuwo.

Anti atamuonetsa mpira m'chikwama, iye anagwada ndi ulemu wake wachiphamaso uja.

"Mayi, pepani, m'bokosi simuikidwa zidole. Akumudzi akaona adzatiyesa anthu otani?"

Anti anandipatsira chikwamacho n'kundiyang'ana. Titafika kunyumba yokonzera maliro, anthu ali kalikiliki kulimbirana poima kuti kamera iwatole, ndinapempha bambo woyang'anira pamenepo kuti aike mpirawo m'bokosi. Sanafunse n'komwe. Anatsegula bokosi chakumiyendo, anauika, n'kutseka.

Pamwambo tcheyamani anawerenga mbiri ya malemu, akukoka mawu ngati mlaliki, n'kunena kuti tataya "katswiri wa zoboola". Zinandinyansa. Kumbuyo kwenikweni kunakhala madala amene amalume ankasewera nawo, azungu ndi akuda, atavala malaya ofanana. Amenewa ndi amene ankasinthana kuwaperekeza kuchipatala. Nthawi yonyamula bokosi itakwana anaimirira, koma amasuti a ku Indianapolis aja anawatchingira kutsogolo. Kunyamula maliro kumakoma pakakhala kamera, eti.

Kumanda mphepo inkalowa mpaka m'mafupa. Kanjira kopita kudzenje kanali kotsetsereka ndi koterera. Akutsogolo atayamba kutsika, bokosi linapendekeka, ndipo tonse tinamva m'katimo: gududu, gu!

"Mayo ine, adzuka!" anakuwa mayi wina.

Nyimbo inadukira pakati. Awiri amene anagwira kumiyendo anasiya zogwirira, wina n'kukakhala chagada m'sinowo, suti yonse. Tcheyamani, munthu wa mapemphero ataliatali uja, tinamuona ali kuseri kwa mwala wa manda a eni ake.

Madala aja phokosolo analizindikira nthawi yomweyo. Mmodzi anaseka misozi ikutsika, anagwira pamene panasiyidwapo, anzake n'kutsatira. Ndi iwo amene anafikitsa amalume padzenje.

Madzulo a ku Indianapolis anadya mokhuta, anapakira zotsala m'makontena, n'kuliyatsa la kwawo osayang'ana anti kumaso. Wojambula vidiyo anatsalira pakhomo akukanda m'mutu.

"Mayi, musadandaule, paphokoso paja ndikaedita."

"Mukadula pamenepo mwadula mwamuna wanga," anatero anti. "Akumudzi amve, akafunsa ndidzawauza ndekha."

Atapita, nyumba inati zii. Tinakhala awiri pabalaza, mipando yobwereka itaunjikidwa pakona, nyali osayatsa. Patapita nthawi anti anavula duku n'kuliika pamiyendo.

"Mwana wanga, unamva mmene mpira uja unagundira?" anatero. "Amalume ako aponya komaliza."