Ufa umene ndinathira pamphambano

Nkhani iyi ndikaifotokoza kusukulu anzanga amati ndikupeka, ndipo sindiwadzudzula, pakuti ine ndi amene ndinaika chule m'chikwama cha aphunzitsi a masamu n'kuthandiza nawo kufufuza wolakwa. Koma iyi yokha ndikuloza chala kumwamba, inachitikadi, ndipo mukanakhala pafupi ndikanakuonetsani chipsera cha mphira pamkono wangawu. Maina sinditchula, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma munthu amene ndikumunenayu amadya nafe Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ndipo ndikufuna apitirize kundiopa.

Munthuyo ndi ba mulamu, amuna a ba sisi anga oyamba kubadwa. Ife timakhala ku Chelstone, iwo ku Kabulonga, ndipo kusiyana kumeneko salola kuti mukuiwale. Mkati mwa mlungu amavala tayi, koma Loweruka amavala tizovala tothina ngati khungu la soseji n'kukwera njinga imene mutha kuinyamula ndi chala chimodzi. Iwo ndi anzawo ali ndi gulu lopalasa maulendo ataliatali: amayambira ku Woodlands pa tara, akatuluka m'tauni amalowa m'misewu ya fumbi ndi tinjira ta m'tchire todutsa m'mafamu ndi m'midzi ya kum'mawa kwa mzinda, kenako amatulukira pa Great East Road n'kubwerera akupikisana ndi mathiraki ndi maminibasi mpaka kwathu.

Ndili mu giredi 10, ba sisi anawaumiriza kuti anditengeko tsiku lina. Ine ndinatenga njinga ya atate, yakuda, ya kaliyala, yolemera ngati ng'ombe, ndipo ndinapalasa bwino, musamve zonena anthu, mpaka pa kamtsinje kena pamene buleki inakana. Ndinalowa chamutu m'matope, kabudula n'kung'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi. Kodi munthu wabwino akanatani? Ba mulamu anatulutsa foni. Anandijambula ndikukwawa, anaika pa gulu la banja la pa foni, msuweni wina anatumizira mnzake, ndipo pofika Lolemba sukulu yonse inali itaona matako anga, kuphatikizapo kamtsikana ka mu kwaya kamene ndinali nditayamba kukaperekeza pang'onopang'ono. Anandipatsa dzina limene sindingalembe pano. Nditadandaula, ba mulamu anati iwe mwaiche, mwana iwe, n'chilamu chabe, mlamu sakwiya. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati chabwino, ngati n'chilamu, nanenso ndine mlamu.

Tsono gulu limeneli lili ndi kachitidwe kake. M'tchire foni sizigwira bwino ndipo tinjira n'tambirimbiri, ndiye munthu mmodzi amalawira kutsogolo ndi thumba la ufa, pamphambano iliyonse amathira ufawo pansi ngati muvi woloza kopita. Amati ufa umaoneka patali pa dothi lofiira, ndipo nkhuku ndi nyerere zimadzasesa zokha. Ntchito imeneyi palibe amene amaifuna. Ine ndinaipempha ndi nkhope ya mwana wa Sande sukulu, mpaka ba mulamu anandiyamikira pamaso pa amayi kuti ndayamba kukula.

Chimene ndinkadalira n'chakuti ba mulamu sapalasa pamodzi ndi anzawo, amathamanga okha kutsogolo kuti akafike oyamba adzadzitame. Ndipo panali mphambano ina imene ndinaiona paulendo woyamba uja: njira ya kumanja ndiyo yolondola, ya kumanzere imadutsa pa kamudzi n'kutsetserekera m'dambo lodzaza chitedze, nyemba za m'tchire zaubweya zija zimene zikakukhudza umadzikanda mpaka magazi. Inali nyengo yotentha, chitedze chitauma bwino. Ndinati ndiloza kumanzere, ndibisala, iwo akadutsa ndifafaniza n'kulozera enawo kumanja. Tangoganizani chitedze chitalowa m'kati mwa tizovala tothina tija!

Ndinafika pamphambanopo dzuwa litakwera pang'ono, nditavala juzi yakuda, kansalu kakuphimba mphuno ndi pakamwa chifukwa cha fumbi. Nthambi zamasamba zoyalidwa panjira ya kumanzere ndinaziona, sindikana, koma mutu wanga unali pa chitedze, ndinangoti mwina kutsogolo kwafa thiraki ya mchenga, pajatu madalaivala amayala nthambi galimoto ikawafera. Ndinagwada pakati penipeni, ndinajambula muvi waukulu, wonenepa, wokongola kuposa yonse ya tsikulo, ndikuseka ndekha, ndikunong'ona kuti lero uona, lero ulira.

Nditatukula mutu ndinaona mapazi. Amuna angapo anali atandizungulira, mafosholo ndi mapiki pamapewa, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anali adzukulu, okumba manda, akuchokera kumanda kudzatenga chitsulo chifukwa anali atapeza mwala m'dzenje. Nthambi zija zinali za maliro. Wamkulu wawo anandifunsa motsitsa mawu, mwaulemu woopsa, kuti ndine mwana wa yani ndipo ndikupanga chiyani pamenepo.

Zimene ndinadzamva pambuyo pake n'zakuti womwalirayo anali bambo wachinyamata wogulitsa malasha, wa ana aang'onoang'ono, amene dzana lake anagwa panjinga pamphambano yomweyo, popanda galimoto, popanda mwala, wosadwala, ndipo sanadzukenso. Mudzi wonse unali ukufunsa kuti wachita ndani. Ndiye apa pali mlendo wobisa nkhope, wagwada pomwe panagwera munthu, akuthira ufa, akuyankhula yekha, muvi wake ukuloza kunyumba ya maliro. Inuyo mukanaganiza chiyani?

Anandimanga manja ndi mphira ya pa kaliyala yanga yomwe, anaikoka mpaka inadya mnofu. Mbama yoyamba sindinaione kumene inachokera, khutu linangoti ngwee. Anandiguza pamwamba pa nthambi zija mpaka pabwalo, ndipo amayi amene ankalira m'nyumba anasiya kulira. Anthuni, kulira kwa pamaliro sikuopsa, choopsa ndi pamene kwasiya chifukwa cha iwe. Mng'ono wa malemu, maso ali psuu, anakwera pakhoma n'kutsitsa tayala lakale limene linkapsinja malata padenga, analiponya pamapazi panga, n'kukuwa kuti amene ali ndi njinga yamoto abwere ndi petulo. Ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo, ndipo sindichita manyazi kunena kuti unali mkodzo.

Ndinafotokoza za gulu la njinga, za muvi, za tinjira ta m'tchire, mawu akutuluka ngati a mbuzi. Mayi wina anaomba m'manja n'kufunsa anzake ngati anamvapo kuti munthu amataya chakudya pansi kuti apeze njira, pamene iwo kuyambira dzulo akuyenda khomo ndi khomo kusonkha ufa m'timbale kuti adyetse anthu a pamaliro. Wina anati mfiti za masiku ano zimayankhula bwino, zimapita kusukulu.

Pamenepo ndi pamene nzeru inandibwerera. Ndinati ine ndine wotumidwa chabe, mwini ufa akubwera pambuyo panga, ndipo mumudziwa mosavuta: abwera yekha, atavala zothina, maso atabisa m'magalasi akuda, kumutu chisoti chosongoka, ndipo nthambi za maliro azipondaponda osatsika njinga. Inu mukudziwa kuti pamaliro ngakhale woledzera amatsika njinga n'kuvula chipewa. Kodi ndinanama? Ngakhale liwu limodzi ayi. Ufa anagula ndi iwo, wondituma ndi iwo.

Mng'ono wa malemu anati adikira pang'ono, koma akapanda kubwera munthuyo ndiona. Petulo inafika m'kabotolo ka madzi akumwa, anaiika pambali pa tayala, fungo lake likundilowa m'mphuno. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinapempherera ba mulamu, kuti Mulungu awasunge, tayala lawo lisaphulike, tcheni isaduke, afike.

Ndipo anafika. Tinangomva kulira kwa matayala pamiyala, kenako uyo, mutu pansi, matako m'mwamba, akudumpha nthambi imodzi imodzi ngati mpikisano, akukuwa kuti njira, njira! Analowa pakati pa amayi okhala pansi, anagunda chidebe cha madzi, ndipo mdzukulu wina anangotambasula fosholo patsogolo pawo. Ba mulamu anauluka. Atadzuka anayamba Chingerezi cha ku ofesi, za ufulu wawo, za loya wawo, za mtengo wa njingayo, ndipo liwu lililonse linkawonjezera moto. Atandiona anandiitana dzina langa. Anthu anayang'anana. Atawafunsa ngati ufa wa pamphambano ndi wawo, anati inde, ndagula ndine, manje vuto ndi chani?

Mng'ono wa malemu anakweranso pakhoma n'kutsitsa tayala lachiwiri. Apo kuseka konse kumene ndinali nako m'mimba kunauma. Ine ndinkafuna munthuyu adzikande, osati ba sisi avale zakuda, ndipo ndinaona kuti matayala awiriwo sakusankha mwini ufa ndi wotumidwa. Ba mulamu nawo anazindikira. Magalasi anali atagwa, ndipo ndinaona maso awo, aang'ono, akuphethira ngati a nkhuku yogwidwa miyendo. Chingerezi chinatha, chinatuluka Chinyanja cha kumudzi chimene sindinkadziwa kuti ali nacho, akuti pepani makolo anga, ndine mwana wanu.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wa chigwirizano cha amayi a tchalitchi, wovala bulauzi yoyera, wamfupi, amene anatuluka m'nyumba ya maliro n'kuima pamwamba pa tayala langa. Anati maliro amodzi akwana pamudzi pano, ndipo ana a malemu asaone bambo wawo akuikidwa tsiku limene anthu apsa pabwalo lake. Anati ngati ufawo ndi mankhwala, eni ake sangaudye, ndiye audye tione. Anandimasula n'kundipatsa thumba lija, ndipo ndinabwira ufa wouma dzanja ndi dzanja, ukundikakamira kukhosi, ukutulukira m'mphuno, koma ndikukuuzani sindinadyepo chakudya chokoma chotero. Kenako mayiyo anati mwana wadya wa m'thumba, koma wa pansi uja ndi umene waloza nyumba ino, mwini wake akauchotse yekha, ndi pakamwa, kuti pasatsale chokayikitsa.

Mudzi wonse unatiperekeza kumphambano. Ba mulamu anga a ku Kabulonga anagwada, anaika manja pansi, n'kuyamba kunyambita muvi wanga kuyambira kumchira. Mchenga unkalira m'mano mwawo, nyerere zinali zitafika kale pa ufawo ndipo anadya nazo limodzi. Ali pakati pa muvi, gulu lonse la njinga linatulukira. Madoda aja, ena a imvi, ataona nthambi anatsika bwinobwino, anavula zisoti, n'kuima akuyang'ana katswiri wawo ali chogwada, chibwano chili mbuu. Ine dzanja likutuluka magazi, kabudula ali chinyowere, khutu likulirabe, chisoni changa chinali chimodzi chokha, kuti muviwo ndikanautalikitsa.

Anatikhazika padzuwa kuti aone ngati titupe kapena tigwe. Titapanda kugwa, akuluakulu a gulu lija anapepesa m'malo mwathu n'kukhala nawo pamaliro monga anthu. Koma adzukulu anati za ufa zatha, za kuponda nthambi sizinathe, bwanayu ali ndi mphamvu zothamangira pakati pa amayi olira, ndiye akathandize kuswa mwala uja m'manda. Anakumba mpaka m'manja munatuluka matuza n'kuphulika, nsapato zawo za njinga zikutsetsereka pamwala, adzukulu akuwafunsa ngati loya uja afika nthawi yanji kudzawalandira piki. Ine anandipatsa madzi n'kundiuza kuti ndikhale pamthunzi, pakuti ndine mwana wongotumidwa.

Pobwerera pa tara, mathiraki akutiwomba ndi mphepo, ba mulamu sanathamange. Anapalasa pambuyo pa njinga ya atate njira yonse, manja akulephera kugwira bwino. Pageti pathu anandifunsa chifukwa chimene muvi unalozera kumanzere, ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti mwina ndinasokoneza. Kenako anandipempha, ndi ulemu umene sanandipatsepo, kuti ba sisi asamve za kunyambita. Ndinati ndiganizira. Mpaka lero ndikuganizirabe.

Sindinama, ndikamva fungo la petulo pa siteshoni ya minibasi ndimasuntha n'kukaima patali, ndipo ndikaona tayala padenga ndimayang'ana kumbali. Koma kupepesa ayi, ndipepese chiyani? Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti sindinali ndekha pamphambano paja. Ine ndinakonza chitedze, choyabwa tsiku limodzi n'kutha, koma wina amene anagwa pamalo omwewo anandigwira dzanja n'kukonza zazikulu, ndipo ndikuganiza kuti ali moyo nayenso anali munthu wokonda kuseka.

Tsono inu opalasa njinga zodula m'midzi ya eni, mukaona nthambi panjira tsikani, vulani chisoti, yendani pansi, ndipo ufa usiyeni kukhitchini. Ndipo inu akuluakulu amene mwana akagwa mumatulutsa foni m'malo motambasula dzanja, samalani, chifukwa tsiku lina ndi mwana yemweyo amene mudzamutume kutsogolo kuti akakulozereni njira.