Bulangete la Mai Zulu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, amene anali kalaliki pa mgodi ku Kitwe. Ufulu utangobwera, chipatala cha mgodi chinkafuna atsikana othandiza anamwino, ndipo malume anandikankhira komweko. Ine ndine munthu wosakhazikika, choncho wodi ya ochitidwa opaleshoni inandiyenera. Ndinkapima kutentha kwa thupi, kuwiritsa majakisoni ndi kukhuthula mabotolo.

Mu wodimo munali Bambo Zulu, ogwira ntchito pansi pa mgodi ku Mindolo, amene anawachotsa timiyala m'njira ya ndulu. Dokotala anawasiyira kapaipi pamimba kotulutsira ndulu m'botolo. Sisita, mkulu wa anamwino mu wodimo, anandichenjeza kuti: "Ndulu ikachita mbuu, kapena munthu akayamba kunjenjemera, thamanga. Sizichitikachitika, koma tizilombo tikalowa m'magazi sitidikira munthu."

Tsiku lina masana ndinapeza bedi lawo likugwedezeka. Mano ali gwegwegwe, maso achikasu, ndulu m'botolo ili mbuu. Akazi awo anali atawafunditsa bulangete lakunyumba pamwamba pa lathu kuti zisaoneke. Mayiwa tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo kwathu n'kumodzi, ku Katete.

Mai Zulu anandigwira mkono. "Mwana wanga, ni malungo chabe. Osakamba kuli ba Sisita. Akabalemba kuti balibe mphamvu, nchito yasila, na nyumba batipoka. Bana five tizayenda nao kuti?"

Sankanama. Nyumba za ku Mindolo zinali za kampani, ntchito ikatha makiyi umabweza. Ndinapita pakhomo, n'kubwerera, n'kupitanso. Kenako ndinavundukula bulangetelo, n'kuika chopimira m'khwapa mwa a Zulu. Thupi linali moto. Ndinathamangira kwa Sisita.

Atapima magazi, malungo sanapezeke. Anapeza tizilombo tochokera mu ndulu, tamtundu wosowa. Anawaika dilipi ndi majakisoni amphamvu mpaka anachira, koma pansi sanabwererenso. Anawapumitsa ntchito, banja n'kusamukira kwa m'bale wawo ku Kabushi, mu mzinda wa Ndola.

Mai Zulu sanandipatsenso moni, ndipo zinandipweteka kwambiri. Komabe kuyambira pamenepo, ndikaona bulangete lachiwiri pa wodwala, ndimavundukula osafunsa mwini wake.

Patapita zaka ndinakumana nawo pa Misa ku Ndola. Mayiwo atandiona anayang'ana kumbali. Kumbali komwe anayang'anako kunali a Zulu, imvi mbuu, akuyimba.